Phiri, damu, mtsinje kapena mijigo: kusankha gwero la madzi a m'mipope a tauni yomwe ikukula

Malo ambiri ochitira malonda m'Malawi muno akula mpaka kufika poti mijigo yopopa ndi manja siikukwaniranso. Pamene kale panali sitolo zitatu ndi chigayo, lero pali sekondale yogonera konko, chipatala, malo ogona alendo ndi nyumba zalendi zothithikana, ndipo amayi amayamba kundandalika zigubu pamjigo tambala woyamba asanalire. Zikafika apa, makhansala, mafumu ndi a komiti ya chitukuko amayamba kukambirana zobweretsa madzi a m'mipope, ndipo funso loyamba limakhala la komwe madziwo achokere. Njira zodziwika bwino zilipo zinayi: kutsitsa madzi kuchokera m'phiri, kumanga damu, kupopa madzi a mumtsinje waukulu kapena m'nyanja, ndi kukumba mijigo yoyendera magetsi kapena sola.

Ndalama zomangira zimabwera kamodzi, kawirikawiri kuchokera ku boma, ku ngongole kapena kwa mabungwe othandiza, pomwe ndalama zoyendetsera zimafunika mwezi ndi mwezi ndipo zimachokera m'matumba a anthu omwe akutunga madziwo. N'chifukwa chake m'nkhani ino ndikuyang'anitsitsa kwambiri zimene zimachitika mwambo wotsegulira ukatha, alendo olemekezeka atabwerera kwawo.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba ndi mtengo, ndipo mtengowo uli pawiri, womangira ndi woyendetsera. Tiyerekeze tauni ya anthu 10,000, aliyense akugwiritsa ntchito malita 50 patsiku. Pamenepo pakufunika malita 500,000, koma poti madzi ena amathera m'mapaipi odontha ndi m'mipope yolumikizidwa mwachinyengo, ndipo m'mizinda yathu ikuluikulu otayika motere amaposa gawo limodzi mwa magawo atatu, gwerolo liyenera kutulutsa malita pafupifupi 750,000. Kukweza malita 1,000, omwe ndi migolo isanu ya malita 200, pamtunda wokwera mamita 100 kumadya magetsi ochepera pang'ono theka la yunitsi pampu ikakhala yabwino. Tauni yathu ija ingamagule mayunitsi pafupifupi 300 tsiku lililonse pa mamita 100 alionse omwe madzi akukwera. Masamu amenewa komiti iliyonse iyenera kuwachita isanamvere wina aliyense wogulitsa zipangizo.

Chachiwiri ndi kupezeka kwa madzi, ndipo muyeso wake woona ndi wa mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe. Chachitatu ndi kusamalira: ndani adzakonze chikawonongeka, akuchokera kutali bwanji, ndipo zida zosinthira zimagulidwa ndi kwacha kapena ndi ndalama zakunja. Chachinayi ndi zoopsa zomwe zingaimitse madzi kwa masabata kapena kudwalitsa anthu.

Palinso za malamulo. Lamulo la 1995 ndi lomwe limayendetsa mabungwe asanu ogawa madzi, a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi a m'zigawo zitatu za dziko lino, ndipo dera likakhala m'manja mwa limodzi mwa mabungwe amenewa, kukambirana kumayambira kumeneko. Kwina konse ntchitoyi imagwera mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi, omwe ambiri amangowatchula kuti WUA. Njira iliyonse mwa zinayizi imafuna chilolezo chotapa madzi kuchokera ku bungwe la boma loyang'anira madzi a m'dziko lino la National Water Resources Authority, malinga ndi lamulo la 2013.

Njira yoyamba: madzi otsika okha kuchokera m'phiri

Mtengo. Ndalama zambiri zimalowa m'mapaipi, chifukwa kamtsinje koyenera kamakhala makilomita ambiri kuchokera komwe kuli anthu, komanso m'matanki ang'onoang'ono ochepetsa mphamvu ya madzi kuti mapaipi a kumunsi asaphulike. Zikatha kumangidwa, palibe bilu ya magetsi, ndipo palibe njira ina yomwe ingapose imeneyi pa kutsika mtengo woyendetsera. Malawi adatchuka nayo njirayi kuyambira pa ntchito ya ku Chingale, m'boma la Zomba, mu 1968, pomwe anthu a m'midzi ankakumba okha ngalande zoyalamo mapaipi, ndipo pambuyo pake idafalikira ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ngakhale mzinda wa Blantyre udaitsatira pomwe udayamba kulandira madzi a mumtsinje wa Likhubula, kuchokera m'phiri la Mulanje, mu 2019.

Kupezeka kwa madzi. Apa dera ndi lomwe limalamula. Tauni yomwe ili pachigwa chopanda phiri pafupi ingoiwala za njirayi. Komwe phiri lilipo, kamtsinje kayezedwe kumapeto kwa chilimwe, makamaka zaka zingapo zotsatizana, ndipo awerengeredwenso alimi a mthirira ndi midzi ya kumunsi yomwe imadalira madzi omwewo.

Kusamalira. Ntchito yake ndi ya miyendo kuposa ya makina. Mvula yamphamvu ikagwa usiku, pulambala amayenera kulawirira kukwera phiri atanyamula fosholo ndi sipanala, kukachotsa masamba, timitengo ndi mchenga zomwe zatseka sefa ya potapira madzi, kenako n'kutsika akutsatira paipi, kutsegula mavalavu otulutsira matope ndi mpweya, n'kumayang'ana paliponse pomwe udzu wabiriwira mokayikitsa pakati pa nthaka youma. Zonsezi munthu wa m'dera momwemo angaziphunzire, ndipo zida zake zimapezeka m'sitolo za pa boma. Chovuta n'chakuti anthu akaona madzi akutsika okha amaganiza kuti ndi aulere, ndiye salipira, ndipo pulambala wosalipidwa sakwera phiri.

Zoopsa. Akale adati madzi saiwala khwawa, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatsimikiza zimenezi pomwe miyala ndi matope zidakokolola malo otapira madzi ndi mapaipi ambiri ku Mulanje ndi ku Phalombe. Malo owolokera mitsinje ndi omwe amayamba kuduka. Kudula mitengo kumtunda kumaphwetsa kamtsinje m'chilimwe n'kukadetsa m'dzinja. Ntchito zakale zambiri zidamangidwa popanda kuthira klorini chifukwa kumtunda kunalibe anthu, koma lero kuli minda, ziweto ndi owotcha makala, choncho sefa ya mchenga ndi klorini n'zofunika kuyambira tsiku loyamba. Midzi yomwe paipi ikudutsamo ipatsidwe mipope yakeyake, apo ayi paipiyo idzabooledwa.

Njira yachiwiri: damu

Mtengo. Iyi ndi njira yokwera mtengo kuposa zonse pomanga, ndipo imatenga zaka. Pamafunika akatswiri oyeza nthaka, kafukufuku wa zachilengedwe, ndi chipukuta misozi kwa mabanja omwe minda, nyumba ngakhale manda awo amizidwe. Damu la Diamphwe, loti lithandize Lilongwe, lakhala likukambidwa kwa zaka zambiri, zomwe zikusonyeza kuti ngakhale likulu la dziko silipeza ndalama zotere mosavuta. Mtengo woyendetsera umadalira malo: damu la Mulunguzi lili pamwamba pa phiri la Zomba ndipo madzi ake amatsika okha kupita mumzinda, pomwe damu lokhala kumunsi kwa tauni limabweretsa bilu ya magetsi pamwamba pa ngongole yomangira.

Kupezeka kwa madzi. Mvula yathu imagwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo damu ndi njira yokhayo yosungira madzi a dzinja kuti adzamwedwe m'chilimwe. Lilongwe amadalira madamu awiri a Kamuzu pamtsinje wa Lilongwe, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, ndipo Mzuzu amadalira la Lunyangwa. Koma damu limasunga zomwe lalandira basi. La Mpira, ku Ntcheu, lidauma mu 2018, ndipo anthu a ku Balaka ndi midzi yambiri yomwe imamwa madzi ake adakhala miyezi mipope ili gwa.

Kusamalira. Khoma la damu limafuna diso la injiniya: kuyang'ana pomwe madzi akuchucha, kuchotsa mitengo ndi zulu za chiswe pakhoma ladothi, ndi kuonetsetsa kuti potayira madzi osefukira mpotseguka mvula isanayambe. Madzi a m'damu amafunikanso kuyeretsedwa mokwanira, monga a mumtsinje. Komiti ya anthu odzipereka siingakwanitse zimenezi payokha.

Zoopsa. Mdani wamkulu wa damu ndi matope, omwe amalidzaza mwakachetechete chaka ndi chaka mpaka madzi ooneka ambiri pamwamba amakhala osaya. Amene wamanga damu wadzitengeranso udindo wosamalira nkhalango yonse ya kumtunda. Mu 2015 boma lidachita kutumiza asilikali ku nkhalango ya Dzalanyama, komwe mtsinje wa Lilongwe umayambira, kuti akaletse owotcha makala, ndipo aliyense wodziwa Blantyre waona momwe phiri la Ndirande lidayerera pamwamba pa damu la Mudi.

Njira yachitatu: kupopa mumtsinje waukulu kapena m'nyanja

Mtengo. Pamafunika potapira madzi, mapampu, nyumba yoyeretsera, paipi yaikulu yokwera nayo mtunda, ndi thiransifoma yakeyake. Koma cholemetsa chenicheni ndi magetsi. Blantyre amatapa madzi ake ambiri mu Shire pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, n'kuwakweza mamita pafupifupi 800 kudzera ku Chileka. Tikatsata masamu aja, malita 1,000 alionse amafika m'tauni atadya kale mayunitsi oposa 3, ndipo n'chifukwa chake magetsi amatenga gawo lalikulu la ndalama zomwe bungwe la madzi la mzindawu limatolera. Ntchito yotenga madzi ku Salima kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, idzakumana ndi masamu omwewa, poti likululi lili mamita oposa 500 pamwamba pa nyanja ya Malawi. Kwa matauni a m'mphepete mwa madzi, monga Liwonde, Mangochi, Nkhata Bay ndi Karonga, mtunda wokwera ndi wochepa ndipo nkhani imasintha kwambiri.

Kupezeka kwa madzi. Pa mfundo iyi njirayi ilibe inzake, chifukwa nyanja ndi Shire sizitha ngakhale chaka cha chilala, ndipo tauni ikakula mumangowonjezera mapampu ndi matanki.

Kusamalira. Walira mvula walira matope. M'dzinja madzi a mumtsinje amafika ofiira ngati thobwa, ndipo woyang'anira nyumba yoyeretsera amayenera kumayeza kangapo patsiku: amatunga madziwo m'mabotolo angapo, n'kuthira mankhwala a alamu mosiyanasiyana, kutakasa, kenako kudikira kuti aone botolo lomwe matope agwirana msanga n'kukhala pansi. Muyeso umenewo ndi womwe amathira m'madzi onse, ndipo mvula ikagwanso masana amayambiranso. Pambuyo pake pamabwera masefa a mchenga, omwe amafuna kutsukidwa, ndi klorini, yemwe ayenera kutsalako pang'ono, mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita, pofika pampopi wakutali kwambiri. Madzi a m'nyanja amakhala oyera kuposa a mumtsinje ndipo amadya mankhwala ochepa, koma kuyera kwa maso sikuchotsa tizilombo. Ntchito yotere imafuna anthu ophunzira, osinthana usana ndi usiku. Mankhwala, mapampu ndi zida zake zimagulidwa kunja, kotero kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zonsezi udalumpha pomwe mabilu a madzi sakwera popanda chilolezo cha boma.

Zoopsa. Magetsi akathima madzi amaima, ndipo akayaka sabwerera nthawi yomweyo chifukwa mapaipi ndi matanki amayenera kudzadzanso, okhala kumtunda n'kukhala omaliza kulandira. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidakhala m'kuthimathima kwa nthawi yoposa chaka. Jenereta ya dizilo imapulumutsa maola ochepa, koma siingayendetse tauni kwa miyezi popanda kugwetsa thumba. Madzi osefukira amakwirira potapira ndi mchenga ndi zinyalala, monga zidachitikira pa Walker's Ferry mu Januwale 2015, ndipo nyanja nayo imakwera ndi kutsika, kotero nyumba ya mapampu yomangidwa pafupi kwambiri ndi gombe ikhoza kumira monga zidamirira nyumba zambiri za m'mphepete mwa nyanja mu 2024. Paipi yopanda madzi imayamwa zonyansa kudzera m'ming'alu, ndipo mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700, udatikumbutsa komwe anthu amathawira mipope ikauma.

Njira yachinayi: mijigo yoyendera magetsi kapena sola

Mtengo. Iyi ndi njira yotsika mtengo poyambira ndiponso yachangu, chifukwa m'miyezi yochepa mjigo umakumbidwa, pampu n'kumizidwa, thanki n'kukwezedwa pansanja. Ubwino wake wina ndi woti imakula pang'onopang'ono: mijigo iwiri chaka chino, wachitatu ndalama zikapezeka. Madzi apansi kawirikawiri safuna alamu kapena masefa, amangofuna klorini. Magetsi a ESCOM amabwera ndi bilu mwezi uliwonse koma amapopa usiku womwe. Sola ilibe bilu, komabe imapopa mwamphamvu maola asanu kapena asanu ndi limodzi okha patsiku, ndiye imafuna mjigo wotha kupereka madzi a tsiku lonse m'maola amenewo komanso thanki lalikulu. Ogulitsa amakonda kunena kuti madzi a sola ndi aulere, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mapanelo akhoza kukhala zaka 20 kapena kuposerapo, pomwe pampu ndi kabokosi koyendetsa pampuyo zimatha msanga, ndipo tsiku losinthalo pamafunika ndalama zambiri nthawi imodzi.

Kupezeka kwa madzi. Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimagwera. M'madera okwera a pakati pa dziko lino madzi amakhala m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu, ndipo mijigo yambiri imapereka madzi okwanira pampu yamanja koma osakwanira pampu ya magetsi. Mchenga wa m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa umapereka ochuluka. Ndidaonapo pamalo ena ochitira malonda pomwe pampu ya sola idamizidwa mumjigo wakale wa pampu yamanja popanda kuuyeza. Mu Epulo mipope inkathamanga bwino ndipo anthu ankayamika. Pofika mu Novembala pampu inkakoka madzi kwa mphindi zochepa, kenako n'kumangomveka ikupuma mpweya, thanki lili mbee pamwamba pa nsanja, ndipo poti chogwirira cha pampu yamanja chinali chitachotsedwa, amayi adabwerera kudambo. Mjigo uliwonse uyenera kupopedwa mosalekeza kwa tsiku limodzi mpaka atatu kumapeto kwa chilimwe, ndipo zotsatira zake zilembedwe, kontilakita asanalandire ndalama zomaliza. M'miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julayi, sola imafookanso.

Kusamalira. Tsiku ndi tsiku ntchito ndi yopepuka: kupukuta fumbi pamapanelo, kuthira klorini, kulemba mita ya pamjigo ndi kuyeza kuya kwa madzi. Koma pampu ikapsa pamafunika katswiri wochokera mumzinda. Musanagule, funsani ngati mtundu wa pampuyo uli ndi woukonza ndi zida zake ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, ndipo komiti izipatula ndalama mwezi uliwonse ku akaunti yosakhudzidwa ndi maliro kapena misonkhano.

Zoopsa. Madzi apansi akhoza kuoneka oyera koma ali ndi vuto. M'madera ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi amchere. Kwina, monga mbali zina za Lilongwe, Balaka ndi Machinga, ali ndi fluoride wochuluka yemwe amafiiritsa mano a ana, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Kwina ali ndi dzimbiri lomwe limadetsa zovala ndi kutseka mapaipi. Kuchotsa mchere kapena fluoride n'kodula kwambiri, choncho madzi apite ku labotale paipi ngakhale imodzi isanagulidwe. Tauni ikamakula, zimbudzi zokumba zimayandikira mijigo, ndiye malo ozungulira mjigo atetezedwe pamapu a khonsolo mapuloti asanagawidwe. Mapanelo, mawaya ndi mathiransifoma zimabedwa, ndipo mlonda ndi mpanda ziyenera kulowa m'bajeti.

Njira iti kwa ndani

Tauni yokhala m'munsi mwa phiri lomwe lidakali ndi nkhalango, monga kuzungulira Mulanje, Zomba kapena mapiri a Viphya, isankhe madzi otsika okha ngati muyeso wa mu Novembala ukukwanira, ndipo ndalama zomwe zikadapita ku magetsi zipite kwa mapulambala, klorini ndi kusamalira nkhalango. Ngati kamtsinjeko kamaperewera miyezi iwiri yokha pachaka, mjigo umodzi kapena iwiri yothandizira ndi yotsika mtengo kuposa damu.

Malo ochitira malonda a anthu masauzande ochepa, oyendetsedwa ndi WUA, ayambe ndi mijigo, kupatula ngati kuyeza kwaonetsa madzi ochepa kapena oipa. Komwe mawaya a ESCOM adafika, nzeru ndi kuphatikiza: sola masana, magetsi usiku ndi nthawi ya chiperoni. Pampu zamanja zakale zisachotsedwe.

Tauni ya m'mphepete mwa nyanja kapena mwa Shire, yomwe anthu ake afika masauzande makumi angapo, ipope madzi a m'nyanja kapena a mumtsinjewo, koma ntchitoyo ikhale m'manja mwa bungwe la madzi la m'chigawocho, lomwe lili ndi akatswiri ndi labotale, ndipo matanki akhale aakulu mokwanira kusunga madzi a tsiku lathunthu magetsi atathima. Ku chigwa cha Shire, komwe madzi apansi ndi amchere, njirayi kapena kutsitsa madzi kuchokera m'mapiri a m'mbali mwa chigwacho ndi yomwe yatsala, ngakhale tauniyo ikhale yaing'ono.

Damu ndi la mzinda kapena boma lalikulu lomwe lili kutali ndi nyanja, lomwe mitsinje yake imaphwa m'chilimwe ndipo mijigo yalephera kukwaniritsa, monga momwe Kasungu amadalirira damu la Chitete. Ngakhale pamenepo, tauni yomwe ili kale ndi mipope iyambe yaika mita potulukira thanki lililonse n'kuyerekeza madzi otuluka ndi madzi olipiridwa. Ngati gawo limodzi mwa magawo atatu likutayika, kusintha mapaipi akale, kukonza mamita akufa ndi kutolera mabilu a m'maofesi ndi m'makiyosiki kungapatse tauni ya anthu 10,000 ija malita oposa 100,000 patsiku, pongochepetsa ndi theka madzi otayikawo, damulo likadali pamapepala.